Chibangili cha Nabanda ndi Lipenga la Kutchalitchi

Ndinadikira mpaka imvi kuti ndiwerenge mawu a Mulungu pagulu. Lipenga linandilola mizere iwiri yokha.

Ndiyambe ndi tchimo. Ndili mnyamata ndinkasesa m'tchalitchi chathu cha ku Mavwere. Munali chokuzira mawu chakale: bokosi lalikulu, lipenga lachitsulo pamwamba, m'kati kathabwa kokhala ndi waya wa kopa wokulungidwa bwino. Chitaikidwa m'sitolo, ndinaona kuti wayayo akungokhala. Ndinamumasula, n'kupota chibangili, n'kukafunsira nacho Nabanda. (Anandilola. Ndiye muziti kuba kulibe phindu.)

Chaka chatha, nditamaliza sukulu ya kwacha, a katekisiti anandisankha kuti ndiwerenge pa Misa yothokoza zokolola. Anatinso atulutsa chokuzira chija kuti mawu anga akafike kumsewu. Ndinakumbukira tchimo lija. Loweruka ndinalowa mozemba, n'kulumikiza pomwe ndinadula paja ndi waya wa khola la nkhuku. Waya ndi waya, ndinatero ine katswiri.

Lamlungu ndinaima kutsogolo, chala pa mzere. Ndili pa mzere wachiwiri, woimba kiyibodi, yomwenso inalumikizidwa ku chokuziracho, anagunda mawu okhuthala. Lipenga linalira ngati nkhumba yomangidwa pa njinga, kenako utsi tolo! Amayi ena anagwada, kuyesa lubani.

A Tembo, okonza mawailesi ochokera ku Chipata, anatsegula bokosilo mpingo wonse ukuona.

"Krosova iyi waidya ndani?" anafunsa. "Kathabwa aka ndiko kamagawa mawu: okhuthala ku sipika yaikulu, opyapyala ku lipenga. Mukakalambalala, lipenga limameza zonse n'kupsa. Taonani, waya wa nkhuku!"

"Kapena ndi makoswe," ndinatero.

"Makoswe odziwa kumanga mfundo, mdala?"

Nabanda anaimirira, n'kuvula chibangili. "Yesani uyu, a Tembo. Khoswe wake ndikumudziwa, ndimamuphikira."

Anthu anaseka mpaka ana kulira. A Tembo anati wayayo anatha kale ntchito. A katekisiti anagamula kuti ndimalize kuwerenga ndi kholingo langa lomweli, ndipo ndinakuwa mpaka mawu kusasa.

Pobwerera ndinamufunsa Nabanda kuti anadziwa liti.

"Tsiku lomwelo. Munthu wopanda ndi nsapato zomwe, kopa mukanamutenga kuti?"

Zaka zonsezi ndinkabisira munthu wovala umboni pamkono. Chibangili chija anachivalanso, ndipo ndikangoyamba kudzitama amangochigwedeza.