Pemphero Langa Loyamba ndi Mphasa za Usipa

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa ku Chipoka pali amayi ena amene akangondiona amayamba kudzikanda m'miyendo uku akuseka. Sindiwakwiyira, chifukwa ndinaziyamba ndekha.

Kutchalitchi kwathu anthu ndi ochuluka moti ukajomba Lamulungu palibe amadziwa. Koma kumlaga, kagulu ka mabanja oyandikana kamene timakumana Lachinayi masana m'makomo mosinthana, ukangojomba mawa lake akupeza pakhomo kudzakuzonda. Ine ndinalowa mlagawo nditangosamukira kuno ndi geni yanga ya usipa, ndipo ntchito yanga inali yoyankha ameni basi. Kumsika pakamwa panga sipatseka (kafunseni ogula), koma kupemphera pagulu lilime linkangouma gwa.

Tsiku lina a Mwale, mkulu wa mpingo amene amatsogolera mlaga wathu, analengeza kuti, "Sabata yamawa tikakumana kwa amake Chisomo, ndipo pemphero akatitsogolera okha."

Amake Chisomo ndine. Ndinasangalala ngati ndapeza ukwati wachiwiri. Apa ndiye anthu adziwe kuti nanenso ndine mkhristu weniweni, osati mlendo wongodzaza mphasa. Sabata yonse ndinkayeserera pempherolo ndikutembenuza usipa pathandala poyanikira, mpaka mwamuna wanga anafunsa ngati nsombazo zalapa.

Vuto linali limodzi: mphasa yokhalira ndinali nayo imodzi yokha, ndipo kubwereka ndinkachita nako manyazi. M'mamawa wa Lachinayilo ndinakayalula mphasa za pathandala n'kuziyala pansi pa mtengo wa mango. Abiti Saidi, mnzanga wachisilamu woyandikana naye nyumba, anasuzumira pampanda.

"Amake Chisomo, zimenezo si zoyanikira usipa? Walayi, alendo muwakhazika pa ndiwo."

"Ndazikutumula, Abiti. Pamwamba ndiyalapo zitenje."

"Mvula yagwa usikuwu, linthumbu likuyenda. Fungo la nsomba sililiphonya."

Ndinangoseka. Mumtima ndinati mayiwa akuchita nsanje ndi alendo anga.

Anthu anafika atatchena, n'kukhala bwinobwino. Tinaimba, a Mwale anawerenga mawu ali pampando, mapazi pamphasa, kenako anati titseke maso. Ine ndinakaimirira pakhonde kuti aliyense andimve.

Ndinayamba kupemphera. Posakhalitsa ndinamva wina akubuula chapansipansi. Kenako aNabanda, mayi wofatsa amene satulutsa mawu wamba, anati, "Yesu wanga." Ine ndakhudza mtima wa aNabanda? Ndinakweza mawu. Ndinapempherera asodzi athu pa mphepo ya mwera, ndipo ndinamva phaa, phaa, anthu akuomba (ndinkati m'manja, osadziwa kuti ndi m'ntchafu). Ena anayamba kupondaponda pansi. Ndinati Mzimu watsika pakhomo panga, ndiye ndisiyirenji? Ndinalowa kwa odwala, kwa ana asukulu, mpaka kwa madalaivala a minibasi za ku Lilongwe.

"Ameni," anatero a Mwale.

Ndinati akundilimbikitsa.

"Ameni, mayi. Ameni ndithu."

Ndinawonjezera moto. Nditamaliza, thukuta lili kamukamu, ndinatsekula maso pang'onopang'ono kuti ndione misozi ya anthu.

Pamphasa panalibe munthu. Panali linthumbu lokhalokha, zitenje zanga zitafiira nalo. Amayi onse anali atathawira kuseri kwa bafa kukakutumula zovala. A Mwale, bambo wolemekezeka uja, ankadumpha ndi mwendo umodzi, dzanja lina litagwira Baibulo, lina likusakasaka m'buluku. Amene anamva ameni wanga anali Abiti Saidi okha, atanyamula phulusa lamoto pachilata kudzathira linthumbulo.

Ndinalowa m'nyumba n'kulira. Ndinkadziwa kuti basi, pakhomo panga mlaga sudzapondaponso. Koma kunja kunayamba kumveka phwete, ndipo aNabanda anandilondola akudzikandabe.

"Mphasa mulibe, osanena bwanji? Nanga mlaga ndi wachiyani? Tulukani, sitinatseke ndi nyimbo."

Tinatsekadi ndi nyimbo tili chiimire, aliyense akuyang'ana pansi. Itakwananso nthawi yanga yolandira mlaga, ndinangoona amayi akubwera mondondozana, aliyense mphasa yake pamutu. Ndinasekera limodzi nawo.

Masiku ano ndimapemphera pagulu popanda mantha, ngakhale diso limodzi sinditseka, ndipo a Mwale akangoti ameni ndimalekera pomwepo. Koma ndikuuzeni zoona: mpaka pano ndimakhulupirirabe kuti "Yesu wanga" woyamba uja anali wa pemphero langa. Ndinawafunsapo aNabanda. Anangondionetsa chipsera pamwendo.