Yotamu Agone Kwanga

Lolemba

Ester Nyamanda. Ndayamba ndi dzina lakelo kuti ndikafa anthu adziwe amene anandipha koyamba.

Anali mkazi wanga, tinabereka mwana mmodzi, Yotamu. Ukwati utatha anatenga mwana n'kutsikira naye ku Chikale kwa alongo ake. Zimenezo ndinapirira. Koma tsiku lokamulembetsa sukulu ku mishoni anauza ahedi kuti bambo wa mwanayu anamira panyanja, n'cholinga choti azungu azimulipirira fizi. Ine ndili moyo! Ndikusenza matumba padoko, msonkho ndikukhoma chaka ndi chaka! Pa msonkho boma linkandipeza ngakhale nditagona pansi pa bwato. Pa mwana ndine malemu. Lero Yotamu ndi bambo wandevu, amayendetsa minibasi ya ku Mzuzu, zovala zake zimakhalabe kwa mayi ake, ndipo palibe pepala padziko pano pamene dzina lake ndi langa zinakhalapo pamodzi.

Tsopano Mulungu wandikumbukira. Kalembera wafika. Madamu wina wa ku Zomba, mphunzitsi, akuyenda khomo ndi khomo ndi chikwama chake, akamaliza amalemba nambala ndi choko pachitseko. Ndamufunsa bwinobwino pampopi. Akuti amalemba anthu amene agona m'nyumbamo usiku wapitawo. Kumtunda kwathu kuno afika Lachinayi.

Ndiye nkhani ndi yaifupi. Yotamu agone kwanga Lachitatu. Lachinayi boma lilembe ndi dzanja lake: mwini nyumba, ine; mwana wake, Yotamu. Nyamanda akawerengetse nkhuku.

Zofunika:
bedi (a Longwe oyandikana nawo ali nalo losagonapo munthu)
batala wamkulu, mwanayu pa nsomba imeneyi sakana
ufa wa kondowole
pakamwa potseka

Ndinalekeza Sitandade 4, koma nzeru izi palibe amene wandibwereka.

Lachiwiri

Kudepoti m'mawa. Yotamu ali pachiwongolero, injini ikulira, kondakitala akukuwa za Mzuzu. Ndamuuza pawindo kuti mawa adzadye kwanga, ndipo kukada asavutike kutsika, malo alipo. Wandiyang'ana nthawi yaitali. "Ada, mukudwala?" Ndati ayi. "Chabwino ada, ndibwera." Minibasi yanyamuka, utsi wonse kumaso kwanga. Ndi utsi wa mwana wanga, sindikudandaula.

Bedi a Longwe andibwereka. Tanyamula awiri, iwo kutsogolo ine kumbuyo, mawondo a tonse akulira. Tili pakati pa njira afunsa kuti kodi ndapeza mkazi. Ndikanavomera za mkaziyo bwenzi zili bwino. Ndawauza zoona. Alumbira kuti sauza munthu aliyense.

Sindinawafunse ngati akazi awo amawaika m'gulu la anthu. Mayi Longwe amaimba kwaya imodzi ndi Nyamanda. Kwayayo imakumana Lachiwiri!

Dzuwa lisanalowe yankho la Nyamanda lafika kale, ndipo labwera ndi Mayi Longwe omwewo, opanda ndi manyazi omwe: "Akuti muwauze malemuwo kuti boma siliwerenga mizimu."

Bedi lili ndi nsikidzi. Zakhala nthawi yaitali osaona munthu, ndangokhalapo pang'ono zandithamangira ngati anthu padoko sitima ya Ilala ikafika. Ndathira madzi otentha matiresi onse. Kunja kuli mwera ndi kamvula kake. Sakuuma.

Lachitatu

Batala ndamupeza, wamafuta, wa mutu ngati chibakera. Ndaphika ndekha. Matiresi ndawaumitsa pambaula, mbali imodzi yapserera, ndaitembenuzira pansi. Boma silifunsa za matiresi.

Wabwera! Mwana wanga wabwera, wawerama pakhomo chifukwa ndi wamtali, wakhala pampando wanga. Wasamba m'manja. Mutu wa nsomba amauyambira kumaso, ngati ine. Izi anaphunzira kwa ndani? Kwa munthu womira?

Sitinayankhule zambiri. Iye wanena za matayala ndi apolisi apamsewu, ine ndanena za mawondo. Wavula nsapato n'kutambasula miyendo. Atapita kuseri ndatenga nsapato imodzi n'kuibisa m'ndowa ya ufa. Munthu satsika ku Chikale ndi nsapato imodzi.

Kenako kafoni kake kalira. Tinthu timeneti tinabwera kudzapasula mabanja. Wamvetsera, waimirira. "Ada, ama BP yakwera, akuti sakuona bwino." Ndamuuza kuti mayi akewo BP yawo imakwera ndi kutsika ngati minibasi yake, agone, akaona mawa. Wafunafuna nsapato, ine ndikumuthandiza kufuna, mpaka ndayang'ana kudenga. Wavala patapata zanga n'kupita.

Zimene zatsala:
minga ya batala
nsapato imodzi pakhomo, ina mu ufa
ine, wopanda patapata

Lachinayi

Kumsika m'mawa, ndavala nsapato za Yotamu, ina ikutuluka ufa ndikaponda. Ndani uyo akutsitsa yekha dengu la nthochi pamutu, akuseka mpaka mano a kumbuyo kuoneka? Wa BP uja! Wandiona. "Mwadzuka bwanji malemu? Nsapato zakukhalani."

Koma ndamva nkhani yokoma kwa wogulitsa tomato. Ku Chikale wolemba wawo sanafike, afika Loweruka. Ndiye kuti Yotamu wagona kumeneko pachabe. BP yonse ija yangowonongeka. Ndagula nthochi kwa mayi wina woyandikana naye, dala.

Vuto ndi Madamu. Akandipeza lero andilemba ndekha, choko pachitseko, nkhani yatha. Nditangoona chikwama chake chikukwera mtunda ndatseka chitseko ndi loko chakunja n'kulowa kubafa. Bafa langa ndi la udzu, lopanda denga. Kamvula kayambanso.

Wayambira kwa a Longwe. Anthu amenewa ndi ambiri, ana, zidzukulu, ana a zidzukulu, ndipo aliyense zaka zake amachita kukangana. Amupatsanso tiyi. Ine ndili chiimire pamwala wosambirapo, udzudzu ukundilemba wokha. Ndamva a Longwe akuti, "Anali pompano, mwina apita kuchipatala." Munthu uyu amatha kunama, bwanji sananamize mkazi wake?

Madamu wagogoda pachitseko changa, wadikira, kenako wayankhula mokweza atayang'ana kubafa: "Agogo akamaliza kusamba ndi nsapato, muwauze ndibweranso Loweruka m'mawa. Kukakhala kotseka ndidzalemba kuti ndi nyumba yosiyidwa."

Yosiyidwa! Mkazi wina anandimiza, uyu akufuna kundisamutsa.

Ndiye kwanga Loweruka, ku Chikale Loweruka. Yotamu ndi mmodzi. Usiku wa mawa ndiwo mlandu wonse.

Lachisanu

Ngati BP imaitana mwana, imfa imuitana msanga. Ndagona pabedi la a Longwe, nsalu yonyowa pamphumi, ndikubuula. Ndaitana Mayi Longwe, popeza ndaona kuti amaposa wailesi. Ndawauza ndi mawu otsika kuti mphamvu zatha, andiitanire mwana wanga ndimusiyire mawu. Atuluka akuthamanga, chitenje m'manja.

Zagwira ntchito mopitirira.

Pofika masana:
mkulu wa mpingo ndi Baibulo
kwaya yonse ya amayi, kupatula Nyamanda
anzanga akale a padoko, amene sanandiyenderepo chiyambire kupweteka mawondo
munthu wina amene sindikumudziwa, akulira kuposa onse

Yotamu yekha palibe. Amuimbira foni. Akuti minibasi yafera pa Mpamba, akudikira makaniko kuchokera ku Mzuzu, abwera ikangodzuka, ada alimbe mtima.

Ndikulimba. Nsikidzi zimene zinapulumuka madzi otentha zabwera ndi abale awo. Sindingakande, munthu wakufa sakanda ndi mphamvu. Akundimwetsa phala lopanda mchere ndi supuni. Kunja ndikumva tambala wanga akulira kamodzi, kenako osaliranso. Fungo lake lalowa m'nyumba. Mkulu wa mpingo akuti wodwala chotere nyama siyabwino.

Ndinaiwala mwambo wathu womwe: wodwala kwambiri sagona yekha. Anthu ayamba kuyala mphasa, pabalaza, pakhonde, mpaka pafupi ndi bedi.

Ndipo dzuwa litapendeka, ndani walowa ndi mphasa yake kukhwapa? Nyamanda! Phazi lake silinapondepo pakhomo pano chichokereni. Waima, wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndabwera kudzaona ndi maso anga, ulendo uno ndisanamize anthu." Amayi a kwaya aseka m'zitenje. Wayala mphasa yake pakhomo penipeni. Ndadziwa nzeru yake: Yotamu akangofika amugwire mkono, amuonetse kuti ndikupuma, atsike naye.

Ndikulemba izi m'bulangete. Akuimba nyimbo ya pamaliro, ndipo Nyamanda ndiye akutsogolera. Mawu ake sanakalambe, mfiti.

Loweruka

Yotamu sanabwere usiku wonse. Nyamanda wadikira mpaka tulo tamugwira pakhomo pomwepo. Amachitabe mkonono.

M'mawa Madamu wafika, wadumpha miyendo ya anthu, wandipeza pabedi. "Agogo, kusamba kuja kwakudwalitsani?" Wakhala pampando, watsegula chikwama. Mwini nyumba, ine. Zaka, tagwirizana. Kenako: "Agona muno usiku wapitawu ndani?"

Anthu onse ayang'anana.

A Longwe ndi kwaya analembedwa kale m'makwawo, awo wawasiya. Wolira uja wathawa ndi mwendo wa tambala. Watsala mmodzi amene sanalembedwe paliponse, ndipo wagona muno, mboni zadzaza nyumba.

"Mayi, dzina lanu?"

Nyamanda wakuwa kuti ali ndi nyumba yake ya malata ku Chikale. Madamu akuti kumeneko akalembedwa ngati wokhalako, koma kuno alembedwa ngati mlendo amene wagona, lamulo ndi lomwelo kwa aliyense. "Ubale wanu ndi mwini nyumba?" Ine ndati palibe. Nyamanda wati palibe. Aka n'koyamba kugwirizana chichokereni kubwalo la milandu kumene ukwati unathera. Mayi Longwe ali kumbuyo: "Ndi akazi awo akale!" Cholembera chayenda.

Ndadzuka pabedi, ndaiwala kuti ndikufa. Ndikufuna mwana papepalapo, osati uyu! Mkulu wa mpingo wakweza manja kuti pemphero layankhidwa.

Pakati pa phokosolo Yotamu walowa, oilo mpaka m'zigongono, patapata zanga kumapazi, maso ofiira. Wandipeza ndili chiimire ndikukalipira boma. Mayi ake amugwira mkono uku, ine uku. Aliyense akuuza Madamu kuti amulembe kwake.

Madamu wamuyang'ana. "Koma bambo awa ndinawalemba kale."

Yotamu wayang'ana pansi. "Ada, ama, ine anandilemba Lolemba. Kuseri kwa msika, kwa Nyachirwa wa salauni uja. Ngati mwini nyumba. Ine ndi iye tili ndi kamwana, ka miyezi iwiri. Ndimafuna ndikuuzeni, koma ndikauza mmodzi winayo akwiya kuti wamva mochedwa."

Nyamanda wakhala pansi pabedi la a Longwe. Sindinamuchenjeze za nsikidzi.

Choko chili pachitseko. M'nyumba muno boma lapeza anthu awiri: ine ndi Ester Nyamanda.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Akufuna ndikaime kutsogolo ndichitire umboni za machiritso.

Shuga watha, tambala kulibe, ufa ukununkha phazi. A Longwe atenga bedi lawo, aona popserera, sakundiyankhula. Akuti Nyamanda wapita kale kuseri kwa msika ndi beseni ndi matewera, kuti kamwanako kayambe kudziwa nkhope yake. Apite. Ine mawondo sakulola mpikisano wina.

Kalembera wotsatira akuti adzabwera patapita zaka khumi. Sadzandipeza. Pepala lapita ku boma mmene lilili, ndipo amene adzaliwerenge adzati nkhalamba ziwirizi zinakondana mpaka mapeto. Ndaseka ndekha mpaka kutsokomola.

Yotamu anadutsa masana kudzatenga nsapato zake. Anaima pakhomo, akukanda m'mutu. "Ada, mukanangondiuza." Ndikanamuuza chiyani? Kuti bambo ako akufuna umboni wa boma kuti anakubereka? Ndinangoti apite, anthu akumudikira kudepoti.

Za mapepala ndazisiya. Nyamanda sindimukhululukira, koma sindimufunanso kanthu. Chimene ndikufuna ndisanafe ndi chimodzi, ndipo a Longwe akayambanso kundiyankhula ndiwatuma akanene. Yotamu abwere adzagone muno usiku umodzi, popanda wodwala, popanda womuitana ndi nsomba, foni atazimitsa. Agone mpaka kuche. Madamu asavutike kubwera. M'mawa ndidzaima pakhomo la chipinda, ndidzawerenga ndekha.