Zikomo Potenga Galu wa Malemu Mkazi Wanga

Kwa Mayi Wapampando,
Bungwe la Mchira Wokondwa,
Lopezera Agalu Makomo Oyenera,
Bulawayo.

Wolemekezeka Mayi,

Foni ya ku ofesi yanu inandipeza pa khonde, ndikusanja mipando ya pulasitiki imene tinabwereka ku tchalitchi pa maliro a mkazi wanga, MaNdiweni. Mtsikana wa mawu okoma anandipepesa kaye, kenaka anandiuza kuti komiti yanu yakhala pansi ndipo yapeza kuti pakhomo panga si poyenera galu. Galuyo, Vila, anali atagona pa phazi langa. Makutu ake anagontha kalekale, choncho nkhaniyi anailandira modekha kuposa ine. M'mawa mwake galimoto yanu inabwera kudzamutenga.

Musaope, Mayi, sindikudandaula. Ndinakalambira m'laibulale, ntchito youza anthu kuti akhale chete, ndipo sindingayambe phokoso lero. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa kuti Vila sanali wathu. Mkazi wanga anamutenga kwa inu kuti amusunge kwa kanthawi, popeza panalibe wofuna galu wokalamba, wong'ambika khutu. Kanthawiko kanafika zaka zinayi, inu osafunsako n'komwe. Koma dzina limene munalemba linali la mkazi wanga. Ine amene ndinkamuchotsa nkhupakupa, ine amene ndinamukankha pa wilibala kupita naye kwa dokotala wa ziweto atatupa mwendo, ndinali mlendo chabe. Galuyo sanandiuzepo zimenezi. Ndi waulemu ngati inu nomwe.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha a Tshabangu, amene mumawatuma kuyendera makomo. Mutangomva kuti wosunga galu wamwalira, munawatumiza msanga kudzaona ngati wotsalayo ali woyenera, ndipo anafika thupi lisanatuluke m'nyumba. Ndi munthu woleredwa bwino. Anavula chipewa, anandigwira chanza ndi manja awiri, anakhala ndi azibambo pa moto, anadya matumbo ndi kabichi, naonjezera. Atasamba m'manja anatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza mpanda. Mlamu wanga NaMthabisi, amene anali pa miphika, anawaona n'kuwafunsa kuti, "Achimwene, mwini wake sitinamuike, inu mwayamba kale kugawa malo? Ndinu a mbali iti, ya mwamuna kapena ya mkazi?" Iwo anayankha kuti ndi a mbali ya galu. NaMthabisi anabwera kudzandinong'oneza kuti abale anga ena ndiziwabisa.

Zimene anapeza a Tshabangu n'zoona zokhazokha. Geti linali lotsegula usana wonse. Anthu osadziwika ankalowa ndi kutuluka. Panali moto pabwalo, panali phokoso la nyimbo, ndipo galu anali pansi pa tebulo akudya nyama ya mafuta kuchokera m'manja osiyanasiyana. Sindikana ngakhale chimodzi. Ndikadadziwa kuti ndili pa mayeso, ndikadakhoma geti, olira azilira ali mumsewu. Ndikadapempha amayi a ku tchalitchi kuti aziimba monong'ona. Ngakhale mkazi wanga, amene sankakonda kusokoneza ntchito za anthu, ndikhulupirira akadadikira kuti muyendere kaye.

Chachitatu, zikomo pondipatsa mwayi wachiwiri. A Tshabangu anabweranso abale onse atabalalika, anapeza geti lokhoma, bwalo losesa, nyumba ili zii. Ulendo uno analemba kuti pakhomopo m'posungulumwa: pali nkhalamba imodzi yokha, palibe ana, palibe woti galu azisewera naye. Ndawerenga mabuku ambiri a milandu, akale ndi atsopano, koma sindinapezemo munthu wogwa pa mlandu wokhala ndi anthu ambiri, n'kugwanso mwezi womwewo pa mlandu wosowa anthu. Mwandionjezera nzeru. Za kusewerazo, Vila anazisiya ine ndisanapume pa ntchito, ndipo dzina lakelo, limene m'chinenero cha kuno limatanthauza mlesi, mkazi wanga anamupatsa chifukwa cha ulesi.

Chachinayi, zikomo pomupezera banja loyenera ku Burnside. Ndamva kuti kuli mpanda wa njerwa wa waya wamagetsi pamwamba, dziwe losambiramo, ndi ana othamanga. Palibe chimene ndikadamupatsa mwa zimenezi. Ndamvanso kuti banjalo lamubweza. Akuti akamuponyera mpira amangouyang'ana, kenaka n'kuyang'ana woponyayo. Akuti sauwa, sathamanga, amangogona pa geti mphuno ili kunja. Banja linakhoza mayeso onse, ndiye wolephera ayenera kukhala galu. Pepani m'malo mwake.

Loweruka ndinakwera minibasi kubwera ku makola anu. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, n'kundifotokozera kuti munthu wolephera mayeso saloledwa kuona galu, chifukwa zimasokoneza maganizo a galuyo. Ndinamuonera patali, kudzera pa waya. Mbale yake inali yodzaza, ntchentche ndi zimene zinkadya. Ndikudziwa, monga aliyense m'tauni muno adziwira, kuti galu wokalamba akakhalitsa m'khola popanda womufuna mumamupumitsa ndi jakisoni, ndipo mumachita zimenezi mwachifundo chachikulu. Chifundo chanu n'chimene chikundisowetsa mtendere.

Pali chinthu chimodzi chimene tepi ya a Tshabangu sinayeze, ndipo si kulakwa kwawo. Ine ndi mkazi wanga tikayambana, tinkalankhulana kudzera mwa galuyo. Iye ankaima pa khomo la khitchini n'kunena kuti, "Vila, kawauze abwana akowo kuti mabuku sadyedwa, tiyi akuzizira." Ine ndinkamutuma Vila kukanena kuti abwana amva, akubwera. Galuyo sankadzuka n'komwe, koma uthenga unkafika. Maliro atatha ndinapitiriza kumutuma. Ndinkamuuza kuti akanene kuti mapeyala apsa, kuti shuga sindikumupeza pamene ankakhala. Zimenezi mungazionjezere pa zifukwa zanu, ndi umboni wabwino woti mutu wanga suli bwino.

Tsopano pempho langa, Mayi, ndipo ndi laling'ono. Sindikupempha kuti musinthe chigamulo, popeza komiti siilakwa. Ngati galu sangabwere kwa ine, nditengeni ineyo. Ntchito yanu ndi yosamala otsala opanda mwini, ndipo ine ndakwanira. Katemera ndinabayitsa yense. Sindiluma, mano otsala ndi ochepa. Sindiuwa, sindikumba maluwa, ndimadya chimene ndapatsidwa. Mpira sindithamangira, koma pamenepo mwazolowera kale. Mundiike khola limodzi ndi Vila, ndipo a Tshabangu akapeza banja lokhala ndi mpanda wokwanira, atipereke tonse awiri. Ngati m'makola mulibe malo, pakhomo panga alipo, ndipo bungwe lanu likhoza kutisungitsa tonse kumeneko kwa kanthawi.

M'nyumba muno tinali atatu. Ndatsala ndekha. Mwa awiri amene anachoka, mmodzi yekha ndi amene angathe kubwerera, ndipo ali m'manja mwanu.

Ine wanu wolephera kawiri, koma woyamika,

Velaphi Mlotshwa,
Luveve, Bulawayo.