Tsiku Limene Ndinalondera Mchombo wa a Shaba

Anzanga a msinkhu wanga akayamba kukamba za nsapato zawo zoyamba, ine ndimatsokomola n'kufunsa ngati fodya wachita bwino chaka chino. Nsapato zanga zoyamba sindinazivale ndi tsiku limodzi lomwe. Sizinabedwe ayi. Ndinazitayitsa ndekha, dzuwa likuswa mtengo, manja ali m'mwamba, ndikudziona ngati munthu wanzeru kuposa onse m'boma la Mzimba.

Nthawi imeneyo ndinali pa sukulu ya aphunzitsi pa mishoni ina kum'mwera kwa Mzimba, nditachokera kwathu kumalire a Kasungu. Azungu anali asanachuluke m'dziko muno, moti galimoto ikadutsa, nkhani yake inkakambidwa mpaka mwezi kutha. M'mawa tinkaphunzira, masana tinkaponda dothi n'kuumba njerwa. Kenaka kunabwera mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Kanada, wamtali ndi woonda, amene tinamutcha Bwana Nsungwi. Iyeyu anakhomera madengu awiri pa mitengo, n'kutiuza kuti tiziponyamo mpira. (Ana a lero amati basiketibolo. Ife tinkangoti mpira wa m'dengu, ndipo madengu ake anali enieni, osaboola pansi, oti mpira ukalowa munthu ankachita kuugogoda ndi ndodo kuti utuluke.)

Masewerawo tinawakonda kwambiri. Ndisaname, sikuti tinakonda dengulo. Tinakonda zoti osewera ankakhululukidwa ku njerwa.

Tsoka lake, Bwana Nsungwi anakaphunzitsanso masewero omwewo amesenjala a pa boma, amuna a miyendo yozolowera kuthamangitsa anthu m'mapiri. Amesenjalawo atabwera kudzasewera kwathu anatichita zoopsa. Munthu amene ankagogoda dengu lathu anachita kupempha kuti wina amulandire, ati phewa lauma. Madzulo ake mkulu wa sukulu anatiitana n'kunena mawu ochepa: “Mukakagonjanso ku boma, madengu awa abwerera kukhitchini, inu mubwerera ku dothi.”

Vuto lathu linali lodziwika. Tonse tinkathamangira mpira pamodzi ngati nkhuku zaona ngumbi, dengu lathu n'kutsala lokha ngati nyumba ya mbeta. Bwana Nsungwi anatikhazika pansi n'kutilongosolera m'Chinyanja chake chopindikapindika chija.

“Munthu mmodzi, munthu wake mmodzi. Iye apita, iwe upita. Iwe uima patsogolo pake, manja kumwamba. Maso osati pa mpira. Maso osati pa nkhope. Nkhope inama. Maso pa mchombo. Mchombo sunama.”

Asanatiphunzitse zotsatira zake, malungo anamugwetsa, ndipo anamunyamula pa machila kupita naye kuchipatala. Pochoka analoza ine kuti ndikhale kapitawo. (Ndinali wamfupi kuposa onse, ndipo chiyambire ndinali ndisanalowetsepo mpira m'dengu. Ndiyesa anaganiza kuti Mulungu sangamane munthu zonse.)

Ukapitawo unandikwera m'mutu tsiku lomwelo. Ndinawagawa anyamata awiriawiri, wina wothawa, wina wolondera, ndipo ndinalamula kuti kulonderako kusathere pabwalo. Kumtsinje, kodyera, ngakhale polowa m'tchalitchi, wolondera ankayenda chobwerera m'mbuyo patsogolo pa mnzake, manja m'mwamba, maso pamimba. Mbusa anafunsa ngati kwabwera mpingo watsopano.

Sindinalekere pomwepo. Ndinaganiza kuti amesenjala ndi anthu ochenjera, adzayesa kutipusitsa. Choncho ndinapempha ophunzira ena kuti aziima m'mbali mwa bwalo n'kumakuwa zilizonse. “Njoka!” “Amayi ako abwera!” “Nyama yapsa!” Wocheuka aliyense ankakatunga madzi a gulu lonse. Posakhalitsa anyamata anga anauma makosi. Ukanatha kuomba mfuti kumbuyo kwawo, iwo osaphethira.

Mnzanga Yotamu Nyirenda, Mtumbuka wa mafunso ambiri, anandifunsa tsiku lina: “Kweni akapitawo, para kwiza nkhalamu?”

“Mkangowo uli ndi woulondera wake,” ndinamuyankha. “Iwe mchombo basi.”

Tsiku la masewero tinalawira wapansi kupita ku boma. Nsapato zanga zinali pakhosi, nditazimangirira ndi zingwe zake. Achimwene ndiwo anali atanditumizira kuchokera ku migodi, zakuda, zonunkhira uchatsopano, ndipo ndinkazisungira nthawi ya tiyi, pakuti tinamva kuti masewero akatha tikamwa tiyi pakhonde la mzungu wa pa boma. Titafika anatilozera chisakasa cha udzu pafupi ndi khitchini kuti tivuliremo. M'menemo tinasiya malaya ndi makabudula a khaki amene mishoni inkatipatsa kamodzi pa chaka, ine n'kuika nsapato zanga pamwamba penipeni. Tinatuluka titamanga tinsalu m'chiuno ngati matewera.

Amesenjala anabwera zifuwa zili pamtunda. Ine monga kapitawo ndinadzisankhira mkulu wawo, a Shaba, chimunthu cha ndevu, cha msinkhu wa atate anga. Mulungu anandikomera mtima, chifukwa mchombo wa a Shaba unali wotuluka, waukulu ngati dzira la nkhanga. Ngakhale wakhungu akanaulondera.

Ndipo abale, nzeru ija inagwira. Chigawo choyamba amesenjala anasowa polowera. Akati apite uku, patsogolo pali mnyamata. Akati abwerere, mnyamata yemweyo ali pomwepo, manja m'mwamba, maso pamimba. A Shaba anafika poima n'kudziyang'ana okha.

“Mnyamata, kasi ukupenja vichi pa nthumbo yane?”

Ankafunsa m'Chitumbuka chimene ndinkafuna pamimba pawo. Kapitawo sacheza ndi mdani. Popuma tinali patsogolo pang'ono, chifukwa Yotamu anafuna kupatsira mnzake mpira, mpirawo n'kuphonya mnzakeyo n'kukagwera m'dengu.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, anthu oonerera anayamba kukuwa: “Moto! Moto!”

Mtima wanga unasefukira. Ndinati, taonani, ngakhale eni ake boma avomera kuti timu yathu ndi moto. Kenaka lipenga linalira. A Shaba anaponya mpira pansi n'kuyamba kuthamanga kutuluka m'bwalo, anzawo onse pambuyo pawo.

“Chinyengo chimenecho!” ndinakuwa. “Aliyense munthu wake!”

Ndiye taganizirani. Amesenjala akuthamangira kumene akuthamangira, ife tili patsogolo pawo, tikuthamanga chobwerera, misana italoza kumene iwo akupita. Zonse zochitika kumbuyo kwathu sitinkaziona. A Shaba akakhotera kumanzere, ine ndili kumanzere. Akakhotera kumanja, andipeza ndafika kale. Zinali zokongola. Ndinalakalaka Bwana Nsungwi akanadzuka pa mphasa kudzaona ana ake.

Mayi wina anawapatsira a Shaba ndowa ya madzi. Apa ndinaima maganizo pang'ono, chifukwa za ndowa sitinaphunzire. Koma ndinakumbukira kuti lamulo limaletsa kugwira munthu, silimaletsa kumenya chimene wanyamula. Ndinaiphamula ndowayo ndi chikhatho, madzi onse n'kuthera pa ine. Anawapatsira ina. Imeneyonso ndinaichita chimodzimodzi.

“Fumapo, mwana iwe! Ukufuntha?” anakuwa a Shaba, kundiuza kuti ndichoke n'kufunsa ngati ndapenga.

Msana wanga unayamba kutentha. Ndinati ndi thukuta la kupambana. Kenaka ndinamva fungo la chikopa chowauka, ndipo ndinati m'mtima, anthu a pa boma ndi aulemu, atiphera mbuzi, koma wophika wawo ndi waulesi, akuiwotcha osasenda. (Inde. Mwadziwa kale chimene chinkanunkhacho. Musandikumbutse.)

A Shaba ataona kuti Chitumbuka chakanika, anayesa Chichewa, mawu atatsika ngati akunyengerera mwana wodwala.

“Mwana wanga, ndapota, tangocheuka kamodzi.”

“Nkhope inama, adada,” ndinatero ine, maso ali pa dzira la nkhanga.

Anapumira m'mwamba. Kenaka anandigwira m'khwapa, n'kundinyamula ngati kamtolo ka nkhuni, n'kunditembenuza, n'kundiika pansi bwinobwino. Ndinali pafupi kudandaula kuti aphwanya lamulo pamene ndinaona chisakasa chija chikugwada m'malawi. Mphepo inali itatenga moto wa kukhitchini n'kuuponya pa udzu. Denga linatitimira, phulusa n'kuuluka, ndipo m'phulusamo munali khaki yense wa timu yathu.

Amayi ndi akaidi ndiwo anapulumutsa khitchini, pakuti amesenjala onse anali ogwidwa. Nditayang'ana kumbali ndinaona Yotamu akadali pa ntchito. Munthu wake anali atatopa n'kukhala pansi, ndowa ili pambali, akulira ndi ukali. Yotamu anali atanjuta patsogolo pake, manja m'mwamba, kuopa kuti angadzuke.

Nthawi yonseyi mpira unali wokha pakati pa bwalo, dengu la adani lili pululu popanda mlonda. Mmodzi wa ife akanangobwerera, akanaponya mpaka mkono kutopa. Amene anaukhudza ndi galu wa wophika yekha, ndipo iyenso anangoununkhiza n'kupita.

Mzungu wa pa boma anatiimika pamzere, tili ndi timatewera tathu, n'kufunsa kudzera mwa womasulira kuti mtsogoleri ndani. Anyamata anga, amene sankacheuka ngakhale utatchula amayi awo, onse anacheukira ine nthawi imodzi.

“Bwana akufunsa chifukwa chake munaletsa anthu a boma kuzimitsa moto.”

Ndinafotokoza zonse mwaulemu, kuyambira ku ngumbi mpaka ku mchombo. Womasulirayo anafika pa mchombo n'kusowa Chingerezi chake. Anayesa uku, anayesa uku, mapeto ake anakweza malaya n'kuloza wake, kenaka n'kuloza wa a Shaba. Mzunguyo anauyang'ana nthawi yaitali. Nkhope yake inafiira, milomo ikunjenjemera, ndipo anapita kuseri kwa nyumba. Tinamva phokoso lina kumeneko, koma mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulira.

Atabwerako anagamula kuti timange chisakasa china, ndipo kuti chisadzapsenso, chikhale cha njerwa, zoumba ife. Tiyi sanatchulidwenso.

Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita. Tinkalambalala midzi, koma amayi a kumadimba amaona patali. Wina anafunsa ngati tathawa ku chinamwali. Wina anatiponyera chiguduli, ndipo tinalimbirana. Titafika tinadzera kuchipatala, kumene Bwana Nsungwi anali gone, maso ali lowe. Atationa anadzutsa mutu.

“Iwo aponya madengu angati chigawo chachiwiri?”

“Ngakhale limodzi, bwana.”

Anandigwira chanza mwamphamvu, misozi ili m'maso. Zotsalazo ndinasiyira Yotamu kuti afotokoze, ine ndinatuluka kukafuna madzi akumwa kutali ndithu.

Kumene tinkaumba njerwa za boma, wotiyang'anira anali a Shaba omwewo, atavala malaya n'kumanga mabatani mpaka pakhosi. Tinazolowerana, ndipo patapita zaka ndinkawachezera kwawo ngati atate anga. Anandiphunzitsa zambiri, china n'chakuti munthu wamkulu akakupempha kuti ucheuke, uzicheuka, ndiponso kuti mbuzi yowotcha sinunkha ngati nsapato. Zimenezo ndinavomera.

Chimene sitinagwirizane ndi chimodzi. Iwo ankati masewero aja anathera panjira, choncho palibe anapambana. Ine ndinkati woyamba kutuluka m'bwalo anali iwowo, ife tili patsogolo, ndipo palibe anaimba wezulo. Tinakangana nkhani imeneyi pa maukwati, pa maliro, ngakhale tsiku limene ndinakawaona akudwala, mpaka akazi awo ananditulutsa. A Shaba anamwalira asanabwerere m'bwalo muja kudzamaliza chigawo chachiwiri. Ndiye monga ndikuonera ine, tikadali patsogolo.