Chizungu cha Zigamba

Lolemba

Sitali, mwana wanga, waimba foni. Akubwera Loweruka ndi mkazi wake Efua, amene anakwatirana naye ku Ghana komwe amagwira ntchito. Mtsikanayo sadziwa Chinyanja, Chilozi kaya Chitonga. Chizungu basi. Ine Chizungu changa n'cholonjera ndi kuuza dokotala pamene pakupweteka. Zotsalazo ndimaloza ndi chala.

Koma mpongozi wanga woyamba sindingalankhule naye kudzera mwa Sitali. Mwana ameneyu ndimamudziwa: ukamutuma ndi mawu odzaza dengu, amakafikitsa a m'supuni. Ndikufuna mtsikanayo amve kuchokera pakamwa panga kuti pano wafika kwawo.

Ba Mutinta, aneba athu ophunzitsa ku pulayimale, andimva ndikudandaula pampanda. "Bana Sitali, English ni easy chabe. Mutenga word imodzi, mwaikako ka-piece kutsogolo olo kumbuyo, yankala two."

Kani ndi zigamba! Ine telala wa m'Dambwa muno, zigamba zindivute? Dongosolo ndi ili:

za kutsogolo: un, re, dis
za kumbuyo: ful, less
Lachisanu: kulumikiza zonse
Loweruka: kudabwitsa anthu

Lachiwiri

Lero ndi un. Ntchito yake n'kutembenuza mawu. Zip, unzip. Lock, unlock. Happy, unhappy. Kukoma kwake! Dzuwa lisanafike pamutu, mawu anga achuluka kuposa mabatani a m'chitini.

Ba Mundia, amuna anga, ali pakhonde ndi wailesi yawo. Ndawadziwitsa kuti ali unbathed, unshaved ndiponso unhelping. Andiyankha m'Chilozi chakuya, chimene amatulutsa akafuna kuti ndisamve bwino.

Madzulo kwabuka vuto: uncle. Ngati malume ndi uncle, nanga cle ndi ndani? Azakhali? Ndakafunsa pampanda. Ba Mutinta ati ameneyo ndimusiye, "ni exception." Ndafunsa kuti ma-exception amenewa alipo angati. Ayamba kuanula zovala zosauma n'komwe.

Lachitatu

Re ndi kubwereza, dis ndi kuchotsa. Ndakwera minibasi kukagula ulusi m'tauni, njira yonse ndikung'ung'udza, mpaka kondakitala wandifunsa ngati ndikupempherera matayala.

Retire ndamumvetsa popanda wondiphunzitsa: kutopa, n'kutopanso. Ba Mundia enieni, chisiyireni ntchito ya njanji.

Masana msonkhano wa amayi a kutchalitchi. Nkhani yake ndi ya mayi wina wa kukomboni ya Linda amene anasiya kubwera. Ndaimirira, ndamanga bwino chitenje, ndanena kuti choyamba timuchite remember, abwerere akhalenso membala. Akakana, timuchite dismember. Ambiri agwedeza mitu kuvomereza, ena mpaka andiyang'ana mwansanje. Amayi busa, amene anaphunzira unesi, atsamwa ndi madzi. Potuluka andinong'oneza kuti mawu amenewo ndi kudula munthu nthulinthuli, mkono uko, mwendo uko.

Mayi wa ku Linda, ndikhululukire, sindinakufunire zimenezo. Dis ndamuchotsa pa dongosolo.

Lachinayi

Zigamba za kumbuyo. Ful ndi kudzaza, less ndi kusowa. Careful, careless. Zosavuta, kungoti zimafanana ngati manja a malaya: ukacheuka pang'ono, wakumanzere wausokera kumanja.

Ba Mundia akonza chitseko cha chipinda cha alendo chimene chakhala chikulira chaka chonse. Mtima wanga wadzaza ndi chikondi. Ndawasisita paphewa, ndati, "You are very useless." Aika hamala pansi mwaulemu, avala chipewa, apita kwa anzawo. Kani Chizungu cha ku njanji chija sanaiwale.

Sitali waimbanso, mawu ali pansipansi. "Mummy, Efua musamufunse za bamake. Banamwalira ali mung'ono, samakonda kukamba." Akuti analeredwa uku ndi uku, chaka chino kwa azakhali, chaka chinacho kusukulu yogonera komweko.

Nditaika foni, mawu abwera okha osawaitana: motherless. Aka n'koyamba kuti chigamba chilowe bwino chonchi, ndipo ndadana nacho. Ndakhala pamakina nthawi yaitali osasoka kanthu.

Lachisanu

Tsiku lolumikiza zonse. Magetsi apita m'mamawa, kunja kukuwotcha, m'mutu mwanga zigamba zasakanikirana.

Kuchapa makatani: ndatha. Kusita ndi simbi ya makala: ndatha, ndapsa chala. Kupepesa ba Mundia: ndawaphikira nsomba youma yotendera, akhululuka theka. Kudula chitenje cha diresi la Efua: ndadula mwachisawawa, ndidzamuyeza akafika.

Ba Mutinta andiuza dzina langa latsopano: mother-in-law. Ndafunsa za ka law kakumapetoko. Ati ndi lamulo. Mayi wa lamulo! Ngati andichita kundigamula kukhoti. Dzina limeneli sindikulifuna.

Mawu olandirira mlendo ndawachepetsa: Welcome. You are beautiful. We are thankful. Ndayeserera pagalasi, ndayeserera kwa nkhuku. Ful, ful, ful, osati less. Pali mawu ena amodzi ndasoka ndekha, ba Mutinta sindinawaonetse. Sindiwanena. Sitali analetsa nkhani imeneyo.

Loweruka

Afika! Efua ndi wamtali, maso ofatsa, chikwama wagwira ndi manja awiri ngati wodzafunsira ntchito. Wagwada pakhomo, waomba m'manja mwa Chilozi mmene anamuphunzitsira Sitali, ba Mundia mpaka mano onse pamtunda. Anthu a mumsewu mwathu aliyense wapeza chochita pafupi ndi mpanda wathu.

Yafika nthawi yanga. Ndatsegula pakamwa.

"Welcome. You are beautiless. We are thankless."

Sitali waluma mlomo. Ba Mundia atembenukira kumtengo wa mango, mapewa akugwedezeka, theka lotsala lija akhululuka pomwepo. Efua wayankha kuti thank you, mwaulemu kwambiri, ndipo ulemu umenewo wandipweteka kuposa kuseka. Ndathawira kukhitchini kukavundula ndiwo zakupsa kale.

Titadya, ndamukodola Efua ndi tepi kuti ndikamuyeze. Sitali wanyamuka kuti akatimasulire, ndamukhazika pansi ndi diso. Tatsala awiri m'kachipinda kosokera. Ndikuyeza mapewa, ndamva kuti akunjenjemera. Kani mantha si anga ndekha, nayenso sabata yonse wakhala akuopa mayi wa lamulo. Pamenepo ndaiwala zoletsa zonse, za Sitali ndi za Chizungu zomwe. Ndamuloza pamtima, ndati, "You, motherless." Ndadziloza ine. "Now, unmotherless."

Wandiyang'ana osaphethira. Mumtima ndati basi, ndaphwasula ukwati wa mwana wanga tsiku loyamba. Kenako waseka, kusekako kwasanduka kulira, wandikumbatira mapini ali kukamwa kwanga. Ndalira naye mosamala kuti ndisameze. Miyeso ndalemba maso osaona.

Lamulungu

Ba Mutinta atsimikiza pampanda kuti mawu anga aja kulibe m'Chizungu chonse, ngakhale ku Ghana. Chabwino. Sukulu ndatseka. Pepala la dongosolo ndayatsira mbaula, layaka bwino kwambiri.

Diresi ndinalithamangitsa dzulo magetsi atabwera, ndipo latuluka lothina m'khwapa. Chiyambireni utelala sindinachitepo manyazi otere. Efua walivala chomwecho kutchalitchi. Wakhala pambali panga pabenchi ya amayi, nyimbo zonse manja ali pansi, ngakhale pa aleluya. Ulaliki sanamvepo kanthu, koma amen amayankha mochedwa pang'ono, akandimva ine.

Titabwerako ndatenga lumo kuti ndimasule ulusi m'khwapamo. Efua wagwira dzanja langa.

"No unsew, ba mummy. It is goodful."

Taonani zimene ndachita. Anabwera ndi Chizungu chabwinobwino cha ku yunivesite, tsiku limodzi m'nyumba mwanga chayamba kale zigamba. Ndamuonongera chilankhulo mwana wa eni.

Ayi, ndalemba molakwa. Si wa eni.