Kupima Batire pa Sikelo ya Mtedza

Lolemba, 6 Juni 1955

Alipo: ine, amake Yosefe, ndi a Tembo eni sikelo ya mtedza. Nkhani ndi batire la wailesi. Linandidyera mbuzi yathunthu, ndipo palibe adziwa moto wotsalamo.

Mwana wathu Yosefe ali ku migodi, zaka ziwiri wopanda kalata. Munthu wochokera kumeneko akuti moni wake udzawerengedwa pa wailesi Loweruka. Batire liyenera kufika tsikulo lili lamoyo.

Chinthu chikamadyedwa chimapepuka. Ndiliika m'thumba, ndilipachika pa sikelo: mapaundi asanu ndi anayi.

Malamulo:
Nkhani zokha, nyimbo ayi.
Omvera awiri okha, pakuti khutu lililonse likoka moto wake.

Lachiwiri

Timvera nkhani. Ndipima: asanu ndi anayi. Nkhani sizidya moto, zili bwino. Akazi atatu aima kuseri kwa nkhokwe, makutu ali tcheru. Ndiwabweza.

Lachitatu

Lero ndiyesa nyimbo imodzi ya ng'oma, kuti ndidziwe mtengo wake. Nditseka makutu anga kuti ndisawerengedwe. Ndipima: asanu ndi anayi. A Tembo akuti sikelo yawo sinama. Ndi yomweyi imene ichepetsa mtedza wanga chaka ndi chaka.

Lachinayi

Mapaundi khumi! Moto wachuluka. Ndikhala pansi kulingalira ngati nyimbo ibwezera mphamvu m'batire. Amake Yosefe afinya thumba pamaso panga, madzi achucha. Linagona panja pa mame.

Lachisanu

Ndibwerako msanga kudimba, mpini wathyoka. Pakhonde panga akazi khumi ndi mmodzi, wailesi ili kuimba. Akuti zili chomwechi kuyambira Lolemba, ine ndikangosenza khasu. Amake Yosefe sachita manyazi. "Lipimeni, atate ake Yosefe, muone ngati tadyako."

Ndipima: asanu ndi anayi.

Aphunzitsi a ku Chalimbana, podutsa pa njinga, andiuza mwaulemu kuti moto wa batire ulibe kulemera, ndi kuti makutu sakoka kanthu. Chofunika kuwerenga ndi maola amene wailesi yalankhula. Maolawo adziwa ndi amake Yosefe okha, ndipo akuti alibe wotchi.

Mawu a wailesi atsika kale. Chakudya sichilowa.

Loweruka

Dzuwa lipendeka. Mudzi wonse uli pabwalo, sindibweza munthu. Nditsegula wailesi. Mawu ngati a udzudzu. Makutu anga ndi akale, ndingomva kuti wina ali kulankhula kutali. Amake Yosefe agwira chitenje pakamwa.

Akazi aja agwada mozinga wailesi, mitu pamodzi. Wina agwira dzina, wina agwira la mfumu yathu Nkomeshya, wina mawu otsiriza. Amake Luka, amene ndinawabweza Lachiwiri, alumikiza zonse nayang'ana kwa ine.

"Ni Yosefe, atate. Akuti ali bwino, wakwatira, abwera pa Khrisimasi."

Ndiwapempha abwereze. Abwereza katatu. Pamene titembenukira ku wailesi, yatonthola. Batire lafa.

Amake Yosefe alira, kenaka aseka. Ine ndipita kukaona ng'ombe, ngakhale zili kale m'khola.

Lamulungu

Pochokera ku tchalitchi ndilipima kotsiriza, lili lakufa: asanu ndi anayi. Sabata yathunthu ndapima makatoni okutira batire, osati moto.

Mwana ali moyo. Mbuzi ina idzapita ku sitolo, ndipo mtengo wa nyimbo imodzi sindidzaudziwa.

Zochita mawa: sikelo ibwerere kwa a Tembo. Batire latsopano likafika, mphasa iyalidwe pakhonde, ndipo amake Luka akhale pafupi ndi wailesi.