Kwa Ba Pulofesa Amene Akufufuza Mwendo wa Amuna Anga

Mtendere, Lusaka
Ogasiti, 1978

Kwa Olemekezeka Ba Pulofesa,
Mkulu wa Bungwe Lofufuza za Maulendo a Katundu pa Nyanja ndi pa Mtunda.

Komuredi Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ndipo ndikupempha kuti inu muiwerenge mutakhala. Ndine Marjory Musonda, wogulitsa vitumbuwa ndi kapenta pamsika wa Mtendere. Sukulu ndinalekeza panjira kwathu ku Katete, choncho mawu akapotoka muwaongole, poti inu kuongola zinthu ndi ntchito yanu. Ndadzera m'nyuzipepala chifukwa ku ofesi kwanu ndapondako mpaka mlonda wa pageti anayamba kundifunsa za moyo wa ana. Mlembi wanu, mtsikana waulemu kwambiri, nthawi zonse amandiuza kuti muli kunja. Ndamva kuti kunjako nyuzipepala imafika.

Poti mumakumana ndi anthu ambiri, ndikukumbutseni. Amuna anga ndi ba Dyton Musonda, amene m'buku lanu mumawatchula kuti "Mwini Katundu D." Iwo ankayendetsa lole ya mkuwa kupita ku Dar es Salaam kuyambira nthawi ija msewu wa kumpoto unali matope okhaokha, madalaivala akutsanzikana ngati opita kunkhondo. M'chaka cha 1974 lole yawo inagubuduzika kupitirira Mpika, ndipo kuchipatala cha mishoni anawadula mwendo wakumanzere, mmunsi mwa bondo. Sisitere wina wachizungu wa pachipatalapo anawayeza chitsa chija, nati akupita kutchuthi kwawo ku Ulaya, akawapangitsira mwendo, ndipo adzabwera nawo m'sutikesi mwake mvula isanayambe. Akampani ya malole nawonso anati ba Dyton akangoima ndi miyendo iwiri adzawapatsa ntchito yoyendera malole pageti. Zonse zinali m'malo mwake, Bwana. Chimene chinkasowa ndi munthu wophunzira.

Tsono lolani ndikuthokozeni mwadongosolo.

Choyamba, zikomo kuti munabwera. Simunatume munthu. Munafika nokha ndi galimoto ya Bungwe, ana asukulu awiri ndi wailesi yojambula mawu, mukufuna madalaivala akale kuti akuuzeni za msewu wa kudoko. Komboni yonse inadzaza pakhomo pathu. Tinakupherani tambala amene ankadzutsa sekisheni yathu yonse, ndipo mpaka lero anthu ena amachedwa kuntchito chifukwa cha kafukufuku wanu. Mutamva za mwendo munaika fupa pansi, maso anu nkuwala. Mawu anu ndimawakumbukira bwino: "Mwendo m'sutikesi? Ayi, Komuredi. Ukabwera choncho dziko liphunzirapo chiyani? Tiukweze sitima ya pamadzi, tiulondole doko ndi doko, kuti tidziwe mmene katundu wa munthu wamba amayendera." Ine mwa umbuli wanga ndinati sutikesi ili ndi chogwirira ndipo mwini wake timamudziwa. Ba Dyton anandiyang'ana ndi diso lija la amuna pamaso pa alendo, nati, "Amake Virginia, aba ni bantu bophunzila, baziba vinthu. Mwendo wanga uzangena mu buku." Ndinanyamuka nkukatenga madzi osamba m'manja. Munalembera Sisitere kalata, ndipo mvula isanayambe iye anabweradi, sutikesi yake itadzaza mankhwala ndi masokosi.

Chachiwiri, zikomo potiphunzitsa mapu. Ife a ku Mtendere madzi aakulu timawaona mu Januwale akamalowa m'nyumba, ndipo sindinkadziwa kuti dziko lopanda nyanja ngati lathuli lingakhale ndi katswiri wa nyanja wotchuka chonchi. Munatiuza kuti mwendo udzatsikira ku Lobito, ubwere pa njanji. Sitima ili pafupi kufika, ku Angola kunabuka nkhondo, njanji nkutsekedwa. Pamenepo sindikukunenani, Bwana, nkhondo simunaiyambitse ndinu. Sitima inatembenuka, nizungulira kunsi konse kwa Afirika. Inu munakwera ndege kukaidikirira kutsogolo, ndipo munatitumizira khadi lokongola la chithunzi cha nyanja, mutalembapo kuti katundu D ali bwino. Ba Dyton analikhoma pakhoma. Anzawo akabwera kudzacheza ankawaonetsa ndi ndodo, amvekere, "Mwendo wanga manje uli apa." Masiku amenewo ankaseka.

Chachitatu, ndipo ichi ndachiganizira kwambiri ndikukazinga vitumbuwa, zikomo chifukwa cha ku Beira. Mwendo unatsitsidwa kumeneko, uli bwinobwino m'kabokosi kake. Ba Enos, mnzawo wakale wa amuna anga, nthawi imeneyo ankanyamula katundu wochokera ku Beira kudzera ku Malawi ndi ku Chipata, ndipo lole yawo inkadutsa pamsewu waukulu pompano, pamene timakwerera basi. Anabwera okha kunyumba nati, "Mulamu, nipaseni chabe pepala ya ba Pulofesa, kabokosi ako nizakaika pa mpando pafupi na ine." Ndinathamangira ku ofesi kwanu, ndipo tsiku limenelo, mwa chisomo cha Mulungu, ndinakupezani. Munandipatsa mpando ndi tiyi wamkaka wa shuga weniweni, pamene ife shuga tinali titamuiwala nkhope. Kenaka munandifotokozera moleza mtima kuti njira ya ku Malawi munali mutailemba kale m'mutu wachitatu, ndipo mutu wachinayi unkafunika katundu woyesera njanji yatsopano ya ku Dar es Salaam. Munalamula kuti mwendo ukwezedwenso sitima. Ndinatuluka ndikuthokoza chifukwa cha tiyi. Ndili pa basi ndinayesa kupeza mawu okawauza ba Dyton, ndipo ndinapitirira siteji yathu osazindikira.

Chachinayi, zikomo potiphunzitsa kudikira. Ife tinkayesa kuti timadziwa, poti timaima pamzere wa sopo, wa saladi wophikira ndi wa mchere, koma mzere wa masitima padoko la Dar es Salaam ndi wina. Munatiuza kuti kabokosi kathu kanatsitsidwa, kali penapake pansi pa matumba a feteleza, ndipo munati zimenezi nzosangalatsa kwambiri pa maphunziro. Akampani sanasangalale nawo. Anadikira, nadikiranso, kenaka ntchito ya pageti anaipereka kwa munthu wa miyendo yake yobadwa nayo. Ba Dyton tsopano amakhala pakhonde kusoka nsapato za anthu. Amazisoka bwino, ziwiriziwiri, nkumapereka kwa eni ake.

Pamenepa pali nkhani ya ukwati, imene m'buku lanu mulibe, choncho ndikupatsani ulere kuti muikemo. Mwana wathu woyamba, Virginia, anapeza mnyamata wabwino, Moven, kondakitala wa basi, wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ba Dyton analumbira pamaso pa akulu a mpingo kuti mwana wawo adzamulowetsa m'tchalitchi akuyenda okha, opanda ndodo. Tinasuntha ukwati kudikira Lobito. Tinasunthanso kudikira Beira. Koma achinyamata, Bwana, sali ngati katundu, sakhala malo amodzi kudikira mapepala. Diresi litayamba kuthina m'chiuno, abusa anatiitanira pambali nkunena kuti zichitike Loweruka lomwelo. Kunagwa mvula usiku wake, njira ya kutchalitchi inasanduka phala, ndodo zinkangomira. Amuna anga anapita ku ukwati wa mwana wawo atakwera wilibala, atavala suti, ba Enos akukankha, ana a m'komboni akuthamanga pambuyo nkumaimba. Anthu anaseka, ine ndinaseka, mkwatibwi anaseka mpaka kulira. Ba Dyton anamwetulira tsiku lonse ngati munthu wojambulitsa. Titabwerera kunyumba anachotsa makhadi anu onse pakhoma, nawaika pansi pa matiresi. Mdzukulu wathu pano akuyenda. Wayamba iye agogo ake asanayambe.

Chachisanu ndi cha mwezi wathawu. Kunabwera uthenga wochokera ku Bungwe lanu kuti tikonzeke, bokosi la a Musonda lafika ndipo libwera Lachisanu. Bwana, mukanaona! Ba Kalumba, tcheyamani wa sekisheni yathu, analamula kuti msewu useseredwe. Amayi a Chipani anavala zitenje zofanana. Akwaya anabwera, abusa anabwera, ngakhale a m'thaveni anatuluka ndi zikopa zawo za mowa m'manja. Ba Dyton anameta ndevu, natulutsa nsapato yakumanzere imene ndinkaipaka polishi chaka ndi chaka, naiika pampando pambali pawo. Galimoto yanu itafika, amuna anayi anatsitsa bokosi lalikulu, lolemera. Mayi wina anati, "Iyee, kansi mwendo wa ku Ulaya ulema so?" Ba Kalumba analankhula za ubwino wa maphunziro pa chitukuko cha munthu wamba, nthungululu zinalira, ndipo anakanula bokosi ndi chitsulo.

Munali mabuku, Bwana. Buku lanu, lokhalokha, mpaka pansi. Ba Kalumba anapisa dzanja mpaka m'khwapa kufunafuna, mwina mwendo uli kunsi, koma anatulutsa buku lina. Pachikuto pali chithunzi cha amuna anga atakhala pakhonde ndi ndodo zawo, akuyang'ana kutali. Dalaivala wanu anatiuza monyadira kuti mabukuwo anasindikizidwa ku Ulaya ndipo anabwera pa ndege, sabata isanathe, chifukwa munkafuna kuti anthu amene anathandiza kafukufuku asadikire. Mtima wotere ndi wosowa. Akwaya, posadziwa chochita, anaimba nyimbo imene anakonzekera, ya wopuwala uja amene ananyamula mphasa yake nayenda. Ba Dyton anatenga nsapato ija nkundipatsa. Anati, "Kaibweze mukati, izangena doti."

Bukulo Moven watiwerengera madzulo angapo, akumasulira. Ndi buku labwino. Lili ndi mapu opinda, mivi yofiira ndi yobiriwira, ndi mayina a mizinda yonse kumene munakalankhula za ife, anthu nkukuomberani m'manja. Tamva kuti kumeneko "Mwini Katundu D" ndi wotchuka, ndipo ophunzira ena alemba kale mayeso pa iye nkukhoza. Mwapeza kuti katundu wa dziko lopanda nyanja amachedwa. Ife tinkangoganizira, koma tsopano tadziwa. Patsamba lomaliza mwalemba kuti katundu D "akadali panjira", ndipo kafukufuku wina akufunika. Mlembi wanu wandinong'oneza kuti a kunja avomera kale kulipirira buku lachiwiri, ndipo mukuganiza zoyesa doko la Nacala.

Musadandaule kuti mabuku aja akungokhala. Ndinagawira anzanga pamsika, ndipo pepala lake ndi lolimba, silidontha mafuta. Anthu a ku Mtendere akudya vitumbuwa m'mutu wachinayi, ndipo ena akuti akumva kukoma kwa maphunziro.

Tsono ndafika pa pempho langa, ndipo ndikulinena ndi manja awiri. Sindikupempha kuti mwendo uja ubwere. Ndazindikira kuti ukafika, buku lachiwiri lifera pomwepo, ndipo ine sindingafune kuchotsa chakudya pakamwa pa munthu wophunzira. Usiyeni uyende, uone Nacala, uone ndi kwina kumene mungakonde. Ife tiusunga m'mapemphero monga timachitira ndi abale onse a kutali.

Chimene ndikupempha nchaching'ono. Ba Enos, amene anakuonani bwino tsiku la tambala lija, akuti inu ndi ba Dyton ndinu a msinkhu umodzi, ndipo nsapato mumavala saizi imodzi. Inu pochoka kunyumba mumakwera galimoto, potsika galimoto mumakwera ndege, potsika ndege mumakhala pampando wa msonkhano. Mwendo wanu wakumanzere, Bwana, ukungokhala. Tibwerekeni. Tidzausamala, tidzausambitsa ndi sopo tikampeza, ndipo Lamulungu lokha ndi pamene udzayende mtunda wautali. Musavutike kuutumiza, ba Enos adzabwera kudzautenga, auike pampando pafupi ndi iwo. Wathu uja ukadzangofika, wanuwo tidzakubwezerani tsiku lomwelo, mwaulemu wonse, kudzera njira iliyonse imene buku lanu lachiwiri lidzapeze kuti ndi yachangu.

Ba Dyton akupereka moni. Ndinawawerengera kalatayi ndisanaitumize, ndipo aseka koyamba chichokereni akwaya aja. Ati ndikuuzeni kuti ngati wakumanzere mumaukonda kwambiri, wakumanja alandirabe, adzazolowera.

Ine wanu wodzichepetsa pa chitukuko ndi pa kudikira,

Marjory Musonda (Mayi),
Mkazi wa Mwini Katundu D,
Msika wa Mtendere, mzere wa vitumbuwa, pafupi ndi mpopi.